Nkhokwe ya Makalata Anga

Makolo athu ankadziwa bwino pamene panali cuma ca banja. Cimanga cinali m'nkhokwe, ndipo mapepala ofunika anali m'sutukesi pansi pa bedi. Ife a masiku ano timalandira makalata pa kompyuta, koma munthu atatifunsa kuti, "Kodi makalatawo amagona pati?" ambiri tingangoloza galasi la makinawo. Pagalasipo mpazenera cabe. Katundu weniweni ali m'cipinda cina.

Ine ndimawerengera makalata mu Outlook wakale uja wa Microsoft. Makalata anga onse ali m'fayilo imodzi yomwe dzina lake limathera ndi .pst, ndipo imakhala m'foda ya Outlook Files, mkati mwa Documents, pa disiki C. M'menemo muli makalata a malemu mlongo wanga amene ankagwira nchito ku Kitwe. Muli malangizo ake onena za sukulu ya ana ake, amene tsopano ndikuwalera ine. Akaunti yanga ndi ya mtundu wa POP, imene imatsitsa kalata n'kuisunga pa kompyuta, ndipo makalata akalewo sapezekanso kwina kulikonse.

Fayilo yotere imakula caka ndi caka. Mu Outlook 2002 ndi ena a m'mbuyo inkalekezera pa magigabaiti 2, mu Outlook 2003 ndi 2007 malire anafika pa 20, ndipo kuyambira Outlook 2010 ndi 50. Yanga isanafike n'komwe pamalirepo, disiki C inadzaza, kompyuta n'kuyamba kuyenda ngati birimankhwe. Inakwana nthawi yosamutsa nkhokwe.

Safunsa anadya phula, motero ndinayamba ndafunsa odziwa. Njira yake nayi. Mu Outlook ndinatsegula File, kenaka Account Settings, ndipo pa Data Files ndinaona pamene fayiloyo inali. Ndinatseka Outlook, pakuti fayilo yotsegula siisamutsika bwino. Ndinaikopera ku disiki D, ndipo yakale ija ndinangoisintha dzina, osaifafaniza. Nditatsegulanso Outlook, anadandaula kuti sakuipeza fayilo yake, ine n'kumulozera malo atsopanowo. Pomaliza ndinadzilembera kalata ndekha kuti ndione ngati ifikira m'nkhokwe yatsopano, ndipo ndinatsegula kalata yoyamba ya mlongo wanga kuti nditsimikize kuti zakale zonse zasamuka. Yakale ija ndinaicotsa patapita masabata awiri. Pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha.

Abale anga owerenga, pali zinthu zitatu zofunika kusamala. Coyamba, ngati fayilo yanu imathera ndi .ost, musaisamutse mwa njira imeneyi. Iyo ndi cithunzi cabe ca makalata amene ali pa seva, ndipo Outlook amatha kuimanganso. Caciwiri, musaike fayilo imene mukuigwiritsa nchito m'foda ya OneDrive kapena pa kompyuta ina ya mu ofesi, cifukwa ikhoza kuonongeka pamene Outlook akulembamo. Cacitatu, pa makompyuta ambiri C ndi D ndi zipinda ziwiri za nyumba imodzi. Disikiyo ikafa, zonse zipita pamodzi. N'cifukwa cake kumapeto kwa mwezi uliwonse ndimatseka Outlook n'kukopera fayiloyo pa disiki ina ya m'manja, imene ndimaisunga m'kabati.

Amene amawerengera makalata mu Thunderbird, malo ake adzawapeza mu Account Settings, pa Server Settings, pamene palembedwa Local Directory. Mwambo wake ndi womwewo: tsekani, koperani, lozani, yesani, ndipo pambuyo pake cotsani zakale.

Nchito yonseyi siitha ngakhale ola limodzi. Madzulo ano funsani kompyuta yanu kumene imagoneka makalata anu, mulembe malowo papepala, ndipo muuzeko wina wa m'banja mwanu. Tsiku lina ana adzafuna kuwerenga mau a makolo ao, ndipo adzayambira pa pepala limenelo.