Kutembenuza Mawu pa Kompyuta

Anthu ambiri amayesa kuti kompyuta ndi yanzeru koposa munthu. Ine ndaona kuti si tero ayi. Kompyuta ili ngati wantchito womvera amene achita chokhacho chimene wauzidwa, osawonjezapo kapena kuchotsapo kanthu.

Teremu ino aphunzitsi athu anatipatsa ntchito m'chilankhulo cha kompyuta chotchedwa Python, chimene Guido van Rossum wa ku Netherlands anachitulutsa m'chaka cha 1991. Anati tilembe pulogalamu yolandira chiganizo ndi kutembenuza mawu ake, otsiriza akhale oyamba. Popeza makompyuta athu ndi ochepa, ndipo aliyense akhalapo kanthawi kochepa, ndinayamba kuilingalira ntchitoyi m'kope pa nthawi yowerenga madzulo.

Ndinasankha chiganizo ichi: "galu waluma mwana". Ife tiona mawu atatu, koma kompyuta iona mndandanda wa zilembo ndi mipata, zonse pamodzi 17. Munthu akangoiuza kuti itembenuze, iyo iyambira kumapeto chilembo ndi chilembo, nkutulutsa "anawm amulaw ulag", chilankhulo chimene palibe mtundu wa anthu uchidziwa.

Motero ntchitoyi ifunika kuigawa patatu. Poyamba lamulo la split lidula chiganizo pa mpata uliwonse, mawu nkukhala payekhapayekha. Kachiwiri lamulo la reverse liwaimika mobwerera chammbuyo. Potsiriza lamulo la join liwalumikizanso, nkuika mpata pakati pawo. Mnzanga wa m'chipinda chathu chogona anapeza njira ina yokoma: kutembenuza zilembo zonse poyamba, kenaka kutembenuzanso mawu aliwonse paokha. Yankho lake ndi langa zinafanana.

Koma panali misampha iwiri. Woyamba ndi kadontho ka kumapeto kwa chiganizo, kamene kamamatira ku mawu otsiriza nkupita nawo kutsogolo ngati sukachotsa msanga. Wachiwiri ndi wa ife olemba Chichewa. Mawu onga "m'nyumba" ali ndi kachizindikiro kamene Python imakagwiritsanso ntchito potsekula ndi potseka chiganizo. Tsono ukazinga chiganizocho ndi kachizindikiro komweko, kompyuta iyesa kuti mawu athera pa m, nikana kupitirira. Mankhwala ake ndi kuzinga ndi zizindikiro ziwiriziwiri.

Itafika nthawi yanga ndinalemba mizere inayi yokha, ndipo pagalasi panatuluka "mwana waluma galu". Tonse tinaseka, pakuti nkhani yotere ikanasonkhanitsa mudzi wonse. Kompyuta yokha sinadabwe, chifukwa siidziwa galu kapena mwana.

Anzanga a Fomu 1 amene muopa phunziroli, limbani mtima. Musathamangire makina musanaganize. Tengani pensulo, gawani ntchito m'timagawo ting'onoting'ono, ndipo yesani kagawo kalikonse ndi chiganizo chanuchanu. Nzeru yotembenuzira mawu ichokera kwa inu. Kompyuta ingofulumizitsa ntchito.