DZIWE LATHU LA NSOMBA

Kwathu ndi kutali ndi nyanja. Mudzi wathu uli pakati pa Nsaru ndi Nambuma, m'dziko la Mfumu Kabudula, ndipo nsomba zimene tinakula nazo ife ndi usipa ndi utaka wouma umene amalonda amabwera nao pa njinga tsiku la msika. Chifukwa cha ichi, pamene Atate ananena m'chilimwe cha 2022 kuti tikumbe dziwe la nsomba m'dimba mwathu, anthu ambiri anaseka nati, “Kodi nsomba nazonso aweta ngati nkhuku?”

Mlangizi wa za nsomba ndiye anatilimbitsa mtima. Iye anati nchito imeneyi si yachilendo m'dziko muno ai, pakuti Boma linaiyamba m'zaka za m'ma 1950, ndipo ku Domasi ku Zomba ndi ku Bunda kuno ku Lilongwe kuli maiwe kumene anthu amaphunzira kaŵetedwe kake. Tsono tinakumba atatu, Atate, ine ndi mng'ono wanga, ndi makasu ndi fosholo imodzi yobwereka. Dziwelo linali la mamita 20 m'litali ndi mamita 10 m'lifupi, ndipo kokuya kwake madzi anali kundilekeza m'chifuwa. Kasupe wa m'dambo ndi mvula ya dzinja zinalidzaza.

Mu Epulo 2023 tinaikamo tiana ta nsomba 600, timene tinatenga m'zigubu pa njinga kwa mlimi wina. Tinali ta mitundu iwiri, makumba ndi chilunguni. Makumba ndiwo aja amasunga mazira ndi ana awo m'kamwa. Chilunguni amakumba zisa pansi, ndipo amakonda kudya masamba a mbatata ndi a chisoso. Ine ndiye ndinali mbusa wake. M'mawa ndi madzulo ndinali kumwaza gaga pa malo amodzimodzi, ndipo posachedwa nsomba zinazolowera, kotero kuti zikangomva mgugu wa mapazi anga zinali kusonkhana. Sindinakondepo chiweto china monga ndinakondera nsomba zimenezo.

Chaka chomwecho ndinasankhidwa kubwera ku sukulu ino. Atate anagulitsa fodya nalipira teremu yoyamba, nandiuza kuti, “Fizi ya Januwale iri m'dziwemo. Tidzakolola pa Khirisimasi.” Koma poziyang'ana mu Sepitembala ndinaona kuti zikali zazing'ono, pakuti m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi nsomba sizidya kwambiri ndipo sizikula. Mtima wanga unabvutika. Usiku woti mawa ndinyamuka ndinaitana mng'ono wanga kuseri kwa nkhokwe ndi kumuuza kuti, “Iwe, gaga uzithira mbale zinai m'malo mwa ziwiri, ndiponso zitosi za nkhuku uzithira tsiku ndi tsiku. Atate usawauze.” Iye anati, “Chabwino, achimwene,” pakuti ndi mwana womvera. Atate masiku amenewo anali otanganidwa ndi nazale ya fodya, ndipo sanadziwe kanthu.

Mu Novembala, tsiku loona ana, Amai anabwera ndi nkhope yakugwa. Atandipatsa kamba anati, “Mwana wanga, nsomba zija zinatha.” Anandifotokozera kuti kunachita mitambo masiku atatu, kotentha, kopanda mphepo, mvula osagwa. Tsiku lachinai mbandakucha mng'ono wanga anapeza nsomba zonse ziri pamwamba pa madzi, zikuyasamula kukamwa. Pofika nthawi yotsekulira mbuzi zinali zitayandama chagada, mimba zoyera mbee, dziwe lonse likununkha. Anawerenga zoposa 400, nazikwirira m'dzenje poopa kuti mwina ziri ndi poizoni. Zinatsala ndi zazing'ono zowerengeka, ndi milamba iwiri imene inalowa yokha nthawi ya dzinja.

Koma choipa choposa chinali m'mbuyo. Ena m'mudzi anati ndi matenda aja a zilonda za nsomba amene anabuka ku Mchinji mu 2020, koma pa nsomba zathu panalibe chilonda ngakhale chimodzi. Pamenepo anthu anayamba kuloza chala bambo wa dimba loyandikana ndi lathu, amene anakanganapo ndi Atate za malire. Anati iwo ndiwo anathira katupe usiku chifukwa cha nsanje, ndipo mlandu unali utapita kale kwa a nyakwawa.

Usiku umenewo sindinagone. M'mawa mwake ndinapita kwa aphunzitsi athu a zaulimi ndi kuwauza zonse, osabisa za gaga ndi zitosi. Iwo anandikhazika pansi nandifunsa kuti, “Kodi nsomba imapuma chiani?” Ndinayankha kuti imapuma madzi. Anati, “Iai, imapuma mpweya wa okosijeni umene uli m'madzimo.” Ndipo anandilongosolera motere. Manyowa amameretsa timbeu tating'ono tosaoneka ndi maso, timene timabiriwiritsa madzi, ndipo timeneti ndi chakudya cha nsomba. Masana, dzuwa likamawala, timbeuto timatulutsa okosijeni; koma usiku timaleka, ndipo nato timayamba kupuma okosijeni yemweyo pamodzi ndi nsomba. Gaga wotsala akamaola pansi, nayenso amadya okosijeni. Kuonjezera apo, madzi ofunda sasunga mpweya wambiri ngati madzi ozizira. Tsono m'dziwe lathu manyowa anachuluka, gaga anali kuola, madzi anali atachepa ndi chilimwe, nsomba zinali zitaswana, ndipo mitambo inabisa dzuwa masiku atatu. Mpweya unatha mbandakucha, imene iri nthawi yomwe umachepetsetsa m'dziwe lirilonse. Milamba inapulumuka chifukwa mlamba uli ndi chiwalo china m'mutu chopumira mpweya wa kunja.

Anandiuzanso kuti tsoka lotere limagwera ngakhale anthu a ku Ulaya ndi ku America, amene amasunga mbuna za m'nyanja yathu ya Malawi kapena nsomba za m'nyanja zamchere m'mabokosi a galasi m'nyumba zao. Iwo amadalira makina opopera mpweya, ndipo magetsi akazima nthawi yaitali amatha kutaya zonse usiku umodzi. Pomaliza anati, “Nsomba zafa, sizidzuka. Koma munthu uja akumunamizira ali moyo. Uchita chiani?”

Ndinalemba kalata tsiku lomwelo, ndipo inapita ndi munthu wa kwathu amene anabwera kudzagula feteleza. Kuilemba kunali kowawa koposa mayeso alionse amene ndinalembapo. Atate atawerenga anapita okha kwa a nyakwawa kukauchotsa mlandu. Nditafika pa holide ya Disembala sanandikalipire ai, anangoti, “Gwira tambala wofiirayo, tiye.” Tinapita kwa bambo aja, ndipo ndinagwada pa khomo pao ndi kunena kuti, “Bambo, dzina lanu linaipa chifukwa cha ine. Ndakulakwirani, mundikhululukire.” Iwo anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anati, “Mwana iwe, masabata awiri akazi anga sanali kutunga madzi ndi anzao pa mjigo. Komabe dzuka. Ukanakhala chete ndani akanadziwa?” Tambala analandira. Fizi ya Januwale inachokera pa mbuzi ziwiri za Amai, zimene anali kusungira malata a nyumba.

Ine ndinafuna kuti tiikemo nsomba zina msanga, koma mlangizi anakana, nati dziwe lodwala liyambe lachira. Tinadikira mpaka mvula inatha. Mu Meyi 2024 Atate anatulutsa madzi onse, napatutsa kasupe ndi ngalande. Thope lakuda lonunkha la pansi analiolera m'mabedi a masamba, ndipo dziwe linakhala pa dzuwa mpaka pansi panang'ambika ming'alu. Nditabwera pa holide yaikulu tinamwaza laimu, tinakonza zipupa, ndipo tinaika mapaipi awiri, wolowetsa madzi ndi wotulutsa, onse otseka ndi sefa kuti milamba isalowenso kudzadya tiana. Pa ngodya imodzi tinamanga kakhola ka nsungwi koikamo manyowa, kuti azisungunuka pang'onopang'ono.

Panatsala bvuto limodzi: madzi otuluka analibe kolowera koma kudzera m'dimba la bambo aja. Atate anachita manyazi kupempha, koma iwo eni anabwera ndi khasu lao nati, “Kumbani pano. Madzi a nsomba ndi manyowa, mpiru wanga udzakondwa.” Kuyambira tsiku limenelo nkhani ya malire sinamvekenso.

Mu Sepitembala tinaikamo tiana 400 tokha, ndiko kuti tiwiri pa mita iriyonse. Mlangizi anaphunzitsa mng'ono wanga muyeso wosafuna ndalama. Umviike mkono m'madzi mpaka m'chigongono. Ngati chikhatho chikuoneka bwino lomwe, onjezera manyowa, koma ngati chasowa chigongono chisanafike, leka manyowa ndipo ulowetse madzi atsopano. Gaga azithira wokwana kuti nsomba zimalize. Akatsala, mawa achepetse. Kukachita mitambo, kapena akaona nsomba zikuyasamula pamwamba m'mawa, asathire kanthu konse, koma atsekule paipi ndi kubvundula madzi ndi nthambi.

Tinakolola pa holide ya Pasaka mu 2025. Nsomba sizinali zambiri monga ndinalota poyamba, koma zinali zonenepa, ndipo zinatha pa dziwe pomwepo tisanaganize n'komwe za msika wa Nsaru. Zitatu zazikulu zinapita kwa bambo aja. Ndalama zotsala titalipira fizi tinagulira Amai kamsoti ka mbuzi; inayo ndikali nayo ngongole.

Anzanga, akulu anati kuthamanga si kufika. Ine ndinafuna kuti nsomba zikule pa miyezi itatu, ndipo ndinataya chaka chathunthu, mbuzi ziwiri, ndiponso pang'ono ndikanaononga mbiri ya munthu wosalakwa. Mng'ono wanga, amene ndinamsenzetsa chinsinsi changa, ndiye tsopano mwini dziwe. Ndikafika kwathu ndimayamba ndafunsa iye ndisanathiremo ngakhale gaga wodzaza dzanja.