Mchira wa Mawu a Asewere Anga

Ndidaphunzitsa ana kuwerenga kwa zaka 34, ndipo lamulo limene ndinkawapatsa chaka ndi chaka lidali limodzi: werenga zimene zalembedwa, usameze lembo ngakhale limodzi. Lamuloli nlabwino pa Chichewa, pakuti chinenero chathu chimalembedwa pafupifupi monga momwe chimatulukira pakamwa. Sindinkadziwa kuti mu ukalamba wanga lamulo lomweli lidzandichititsa manyazi pamaso pa asewere anga, kutali ku dziko la Russia.

Mwana wathu wachisamba adapita kukaphunzira udokotala mu mzinda wa Tver, umene uli m'mbali mwa mtsinje wa Volga, pakati pa Moscow ndi Saint Petersburg. Kumeneko adapeza mbeta nakwatira, popanda ankhoswe, popandanso ife kuonana ndi makolo a mtsikanayo. Nkhaniyi idandiwawa, ndipo sindidabise. Koma mdzukulu atabadwa, anawo nkundiitana m'chaka cha 2019, ndidatsimikiza mtima kuti sindikalankhula ndi mayi a mpongozi wanga kudzera mwa womasulira yekha, chifukwa mawu olumikiza mabanja awiri amayenera kuchokera pakamwa pa mwini wake. Choncho ndidapeza buku la Chirasha, ndikuloweza malembo ake onse 33, ndikumaphunzira ndekha madzulo aliwonse kwa miyezi isanu ndi umodzi.

Chimene chidandikondweretsa koposa m'bukumo ndi afotokozi. Ife timati munthu wamkulu, nyumba yaikulu, chipatala chachikulu: mfotokozi amagwirizana ndi dzina, ndipo chizindikiro cha mgwirizanowo chimakhala kumutu kwa liwu. Pa Chirasha mgwirizano ulipo ndithu, koma uli kumchira. Mayina awo ali m'magulu atatu, achimuna, achikazi ndi apakati, ndipo gulu lililonse lili ndi mchira wake. Nyumba yatsopano ndi novyy dom, buku latsopano ndi novaya kniga, diresi latsopano ndi novoye platye, mabuku atsopano ndi novyye knigi. Michirayi imasinthanso malinga ndi ntchito ya dzina m'chiganizo, ndipo masinthidwe otere alipo asanu ndi limodzi. Zonsezi ndidazilemba m'kope mwaluso la uphunzitsi, ndikumaziwerenga mokweza, lembo ndi lembo.

Tsiku limene ndidafika ku Tver, asewere adakonza phwando. Tili pathebulo adaimirira, nakweza tambula yawo, nati, “Za daragova gostya!” Onse adatembenukira kwa ine, koma ine sindidatolepo kanthu. Mwana wanga adandinong'oneza kuti, “Bambo, akuti timwere mlendo wokondedwa. Akunena inuyo.” Pamenepo mpamene ndidazindikira kuti liwulo ndinkalidziwa bwino lomwe. M'kope mwanga lidalembedwa dorogogo, ndipo kwa miyezi yonse ija ndinkalitchula do-ro-go-go, monga ana a sitandade 1 amachitira pa bolodi.

Ndidaimirira kuti ndithokoze ndi mawu amene ndidakonzeratu. Ndidatchula o aliyense mokwanira ndi g aliyense momveka. Asewere adagwira pakamwa, kenaka kuseka kudawapambana. Adati ndikulankhula ngati dikoni wowerenga m'tchalitchi. Sadaname, pakuti m'mapemphero a mpingo wa Orthodox amagwiritsa ntchito Chisilavo chakale cha m'tchalitchi, ndipo m'menemo malembo amawatchula monga alembedwera. Liwu lakuti svyatago, kunena “wa woyera”, limamveka ndi g wake. Iwo sadafune kundinyoza, koma ine, mphunzitsi wamkulu wopuma, ndidamva ngati ndavulidwa jekete pagulu. Ndidatseka kope, ndikutsekanso pakamwa.

Masiku atatu adadutsa ndikungoyankha ndi mutu. Usiku wachitatu mwana wanga adabwera m'chipinda changa nati, “Bambo, kukhala chete kwanuku anzathu akukumva mwina. Mpongozi wanu walira, akuyesa kuti mukadali okwiya chifukwa cha ukwati wathu.” Mawuwa adandilasa. Ndidayenda ulendo wautali chotere kudzamanga chibale, ndipo tsopano ndinkachigumula chifukwa cha manyazi a lembo limodzi. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. M'mawa mwake ndidatenga kope langa ndikukawapeza asewere kukhitchini akusenda mbatatesi.

Iwo adalandira kopelo, naliika pamwamba pa kabati, nandipatsa mpeni. Adaloza khutu lawo nati, “Slushayte,” ndiye kuti mverani. Kuyambira tsikulo sukulu yanga idali pamenepo, ndipo mpongozi wanga ndiye ankamasulira pamene tasowana.

Phunziro loyamba lidali la g uja. Pa mchira wa -ogo ndi -ego, lembo limeneli limatchulidwa v. Novogo ndi “novava”, bolshogo ndi “balshova”. Pa dorogogo, g woyamba ndi wa tsinde la liwu ndipo amakhala g, koma wachiwiri ndi wa mchira ndipo amasanduka v. Ngakhale liwu lakuti lero, segodnya, limatchulidwa “sivodnya”, chifukwa lidachokera ku mawu awiri, sego dnya, “a tsiku lino”. Pamene boma lidakonzanso kalembedwe ka Chirasha m'chaka cha 1918, novago adasanduka novogo, koma g adamusiya pomwepo. Ine nditagwira lamuloli ndidapitirira nalo muyeso, ndikutchula mnogo, “zambiri”, ngati “mnova”. Asewere adapukusa mutu: pamenepo -ogo si mchira wa mfotokozi, choncho g amamveka. Ulendo uno tidaseka tonse awiri.

Phunziro lachiwiri lidali lovuta kwa munthu wa chinenero chathu. Liwu lililonse la Chirasha lili ndi phatikizo limodzi lotsindikidwa, ndipo ena onse amafooka. O wosatsindikidwa amamveka ngati a wamfupi, wongodutsa. Nchifukwa chake novaya ndi novoye, amene pa pepala ngosiyana, pakamwa pa anthu amamveka pafupifupi chimodzimodzi, ndipo womvera amadziwa gulu lake pakumva dzina lotsatira. Mchira umamveka bwino pamene uli wotsindikidwa, monga pa bolshoy, bolshaya, bolshoye. Pothokoza kwambiri amalemba spasibo bolshoye, koma amati “spasiba balshoye”. Ine amene ndinkalanga ana omeza malembo, ndidayenera kuphunzira kumeza, ndi kudziwa pomezera pake.

Lachitatu lidali la lembo ы, limene m'malembo athu timalilemba y. Mamvekedwe ake pa Chichewa palibe. Munthu amanena i lilime litabwerera m'mbuyo pang'ono, ngati wagundidwa pamimba. Pa moni wa masana, dobryy den, ine ndinkati “dobiri deni”, kuonjezera malembo a liwu monga timachitira ndi mawu obwereka. Asewere adandilumitsa pensulo kuti lilime likhale m'malo mwake, mdzukulu ali pamiyendo pawo akuyang'ana agogo ake modabwa.

M'masabata amenewo ndidaona chinthu chimene buku silidandiuze. Mchira wa -ogo uja, umene udandigwetsa, umapezeka kawirikawiri m'mawu ofunirana mafuno abwino. Pa chakudya amati priyatnogo appetita, kwa wapaulendo schastlivogo puti, potsazikana vsego dobrogo, “zabwino zonse”. Chifukwa chake nchakuti mneni wawo wa kufunira amafuna mchira umenewu, ndipo ngakhale mneniyo sanenedwa, mchira wake umatsala. Munthu amene sadaphunzire kuutchula bwino amapunthwa pamalo pomwe afuna kuonetsa chikondi.

Ndidaphunziranso kuti Chirasha chili ndi dzina la chibale chathuchi monga Chichewa: sewere wamwamuna ndi svat, wamkazi ndi svatya. Tsiku lonyamuka, tili pa siteshoni ya sitima yopita ku Moscow, asewere adandigwira dzanja ndi manja awiri nati, “Schastlivogo puti, svat.” Ndidamva liwu lililonse popanda womasulira. Ndidayankha kuti, “Fsivo dobrava, svatya.” Sadaseke. Adangogwedeza mutu monga ndinkachitira ine mwana akakhoza, ndipo mpongozi wanga adandikumbatira nanditchula “papa”.

Kope lija ndikadali nalo. Pansi pa mzere uliwonse umene ndidalemba ndekha kunyumba pali mzere wina wa pensulo, wa zimene ndidamva kukhitchini, ndipo mizere iwiriyi sifanana. Wa pamwamba ngolondola, ndipo ndikalemba kalata ndiwo ndimatsata. Koma Lamulungu madzulo, mdzukulu wanga akaimba foni, ndimawerenga wa pansi.