Nyimbo ilira tsiku lonse pa wailesi, mwini wake alibe ya bandulo

Pali nyimbo zina zimene Kabwe yonse idziwa, koma palibe amene anazisakilapo pa foni kapena kupempha DJ kuti azibweze. Ni tunyimbo tuja tolira pansi pa mau a munthu wotsatsa simenti ndi malata, tuja tolowa nkhani zikali kuyamba, tuja tomveka m'sewero la pa TV mkazi akapeza meseji mu foni ya mwamuna wake. Ana ku Makululu amatuimba posewera, makondakita amatuimbira mluzu pa siteshoni. Funsani kuti anatupanga ndani, onse adzangokuyang'anani.

Olo nyimbo ya Champions League, ija imene imakhalitsa chete bala lonse mpira ukafuna kuyamba, ili ndi munthu amene anaikonza: Tony Britten wa ku England, mu 1992. Ndi angati a ife okonda mpira amene tinamvapo dzina limeneli?

Kuno kwathu, mmodzi mwa anthu opanda dzina amenewa ndi akulu anga. Dzina anandiletsa kulemba, akuti makasitoma angawathawe. Situdiyo yawo ni kachipinda ku Bwacha: laputopu ya FL Studio, kiyibodi imodzi, ndi matiresi akale okhomedwa ku chipupa kuti phokoso la panja lisalowe. Saimba, safuna kutchuka, ndipo pa siteji simudzawaona. Nchito yawo ni kupanga nyimbo zoikidwa pansi pa zinthu za ena.

Zaka zingapo zapitazo kunabwera bambo wina wa sitolo ya zomangira m'tauni. Anafuna kanyimbo ka masekondi 30 koika pa malonda ake a pa wailesi. Akulu anga anagona mochedwa masiku awiri, bambo uja anakakonda, anapereka K400, anagwirana chanza, basi. Mpaka lero kanyimbo kaja kalira m'mawa, masana ndi madzulo. Sitolo inatsegula nthambi yachiwiri. Kenako tinakamva futi pansi pa malonda ena, a wachibale wa bambo yemwe uja. Akulu anga amakamvera ku baba shopu akumetedwa, nthawi zina pa nkhongole.

Zinandiwawa, ndiye ndinatenga lamulo lenilenilo n'kuliwerenga, lija la 1994 lotchedwa Copyright and Performance Rights Act. Muli mbali yokoma. Nyimbo imene mwapanga ni katundu monga nyumba kapena motoka, ndipo lamulo liiteteza moyo wanu wonse ndi zaka zina 50 mutamwalira. Muli futi mbali yowawa, imene anyamata ambiri a m'masitudiyo a m'komboni sanaimvepo. Ngati munthu wakutumani kuti mumupangire nyimbo, kapena mwaipanga monga mbali ya nchito imene munalembedwa, mwini wake woyamba ni iye, osati imwe, pokhapo ngati munalemberana pepala lokamba zina.

Apa ndiye pomwe mutu unandizungulira. Bambo wa sitolo uja sanabe chilichonse. Anatuma, analipira, nyimbo ni yake, angaibwereke kwa aliyense amene afuna. Tingamunene kuti ni woumira, koma wakuba ayi. Akulu anga anaganiza kuti K400 ija inali ya thukuta la masiku awiri, pamene lamulo liiona ngati mtengo wa nyimbo yonse, mpaka zidzukulu.

Kumaiko kumene bizinesi iyi inakhazikika kale, amayambira kwina. Wopanga nyimbo sayembekeza kutumidwa. Amapanga zake yekha, zachisoni, zamantha, zaukwati, zothamangitsana, n'kuzisunga monga katundu pa shelufu. Ku London kuli kampani ya De Wolfe imene inayamba mu 1909, nthawi imene mafilimu analibe mau, ndipo nchito yake mpaka pano ni yomweyi. Wopanga filimu kapena wotsatsa malonda akabwera, sagula nyimbo. Amachita lendi, monga mmene mumachitira ndi chipinda: mukhalamo, koma malata ndi njerwa ni za landilodi.

Mwa njira iyi ndalama zibwera kawiri. Yoyamba ni ya chilolezo choika nyimbo yanu pansi pa malonda kapena filimu, ndipo amalipira ni kasitoma. Yachiwiri ni imene ambiri saidziwa: nyimbo ikaulutsidwa kwa anthu, pa wailesi, pa TV, mu bala, mu hotelo, pali malipiro ena, ndipo amene alipira ni wailesiyo kapena mwini malowo. Simungayende bala ndi bala kutolera nokha, n'chifukwa chake pali mabungwe. Kuno tili ndi ZAMCOPS ku Lusaka, ku Malawi kuli COSOMA, ku South Africa SAMRO, ku Britain PRS. Mabungwewa amagwirizana pansi pa CISAC, kotero kuti nyimbo yopangidwa ku Bwacha ikalira ku Johannesburg, njira yoti ndalama ifike kuno ilipo.

Njira ilipo, koma bungwe si ng'anga. Silingaombeze kuti kagitala kolira pansi pa malonda a feteleza n'ka ndani. Muyenera kukhala membala, nyimbo iliyonse muilembetse ndi mutu wake, ndipo amene waiulutsa alembe kuti waiulutsa. Apa pothera ndi pamene anthu monga akulu anga amasowera.

Nchito yanga imanditengera m'masitudiyo a mawailesi kawirikawiri, ndipo ndili ndi chizolowezi chosuzumira pa mndandanda wa zimene zalira. Nyimbo za oimba otchuka zimalembedwa bwino, dzina ndi mutu. Mukafika pa malonda, mupeza dzina la sitolo ndi nthawi chabe. Kanyimbo kolowera pulogalamu, kamene kalira tsiku lililonse kuposa nyimbo ya woimba aliyense, sikalembedwa n'komwe. Nyimbo imene imveka kwambiri pa wailesi ndiyo imene pa pepala palibe.

Pa TV pepala lake amalitcha cue sheet. Limalemba nyimbo iliyonse ya m'pulogalamu, anaipanga ndani, yalira masekondi angati, ndipo yagwira nchito yanji. Usiku uno mukamaonera sewero pa Zambezi Magic, yesani kutseka maso mphindi zisanu, mungomvera. Nyimbo sizileka. Ndipo chanelo imeneyi siionedwa mu Zambia mokha. Kwa wopanga nyimbo, mzere umodzi wa dzina lake pa pepala limenelo uposa kutamandidwa konse kwa pa Facebook.

Sindifuna kuponda mawailesi aang'ono. Ndidziwa mmene amavutikira: otsatsa malonda amalipira mochedwa, malaiti akapita jenereta ifuna mafuta, ndipo achinyamata ambiri owulutsa mau amangodzipereka. Koma kulemba dzina la munthu pa mndandanda sikufuna mafuta. Komanso sindikunamizani kuti mukalembetsa lero, mawa muyendetsa Mark X. Ndalama yochokera ku wailesi ya m'boma limodzi ni yochepa. Chimene chisiyana n'chakuti imabweranso, ndipo nyimbo ikhalabe m'manja mwanu tsiku limene wina wamkulu adzaifuna.

Tsiku lotere limabweradi. Mu 1977 Paul Ngozi ndi gulu lake la Ngozi Family anatulutsa "Nizakupanga Ngozi". Paul anamwalira mu 1989. Mu 2024 Tyler, the Creator wa ku America anatenga mbali ya nyimbo imeneyo n'kuiika mu "Noid", dziko lonse linamva Chinyanja. Panapita zaka 47, koma mwini wake anadziwika chifukwa dzina linali pa rekodi. Manje ganizani za mabiti amene ali m'mafulashi a m'Kabwe muno, olembedwa "new beat 7 final", opanda dzina, opanda deti, oyenda pa WhatsApp kuchoka foni ina kupita ina.

Akulu anga poyamba sanafune kumva. Anati, "Iwe mwana, za mapepala ni za ku Lusaka. Kuno munthu akafuna biti afuna lero." Ndinawasiya. Chimene chinawatembenuza ni kanyimbo kawo komwe, pamene anakamva pa malonda achitatu.

Manje ali ndi buku la chikuto cholimba. Nyimbo iliyonse ili ndi mutu, deti, utali wake, ndipo akamaliza amadzitumizira pa imelo kuti pakhale umboni wa tsiku. Zimene anaikamo tizidutswa ta nyimbo za ena anazichotsa pa mndandanda, chifukwa sungalembetse chinthu chimene theka lake si lako. Zotsalazo ndi zimene akulemba pa mafomu a ZAMCOPS. Kasitoma akabwera, amamuimbira zimene zili kale pa shelufu kuti asankhe, kenako amatulutsa pepala la tsamba limodzi: nyimbo ikhalabe ya amene anaipanga, kasitoma aigwiritse nchito chaka chimodzi, pa malonda a sitolo yake yokha, ndipo akafuna kupitiriza alipirenso.

Woyamba kuona pepalalo anaseka. Anati, "Ba producer, mapepala ya chani pa kanyimbo ka masekondi 30?" Ananyamuka n'kupita kwa mnyamata wina ku Katondo amene amapanga pa theka la mtengo, wopanda mafunso. Sabata imeneyo kunyumba kunali kapenta ndi chibwabwa, ndipo mlamu wanga sanandilankhule bwino, podziwa kumene nzeru za mapepala zinachokera.

Wachiwiri anali mayi wina wogulitsa nkhuku ndi mazira ku Chowa. Anavala magalasi, anawerenga mzere uliwonse kawiri, n'kufunsa kuti wina wogulitsa nkhuku akabwera, kodi adzapatsidwa nyimbo yomweyo? Akulu anga anali asanaganizepo zimenezo. Anawonjezera mzere ndi bolopeni kuti pa nthawi ya pangano palibe wa nkhuku wina m'Kabwe amene adzaipatsidwa. Mayiyo anafuna zaka ziwiri pa mtengo womwewo, akulu anga anakana, anakumana pa miyezi 18. Anasaina onse awiri, ndipo mayiyo anapempha kuti pepala lake alipange fotokope asanatulutse ndalama m'chitenje.