Ndimajambula tizithunzi, achimwene

Okondedwa achimwene,

 Ine kuno ku Brussels ndili bwino, kungoti kuzizira. Inu mumadandaula chiperoni chikatsika m'phiri masiku angapo mu June. Kuno chiperoni chake chinafika mu November, ndipo mpaka February uno sichinatsanzike. Dzuwa limatuluka 8 koloko itadutsa, isanakwane 6 laweruka kale, ntchito yake osaoneka.

Mwati amayi amasowa choyankha anzawo akumvano akawafunsa kuti mwana wanu akuchitanji ku Ulaya. Auzeni kuti masana ndimaphunzira, madzulo ndimajambula, koma asayembekezere chithunzi chopachika pakhoma. Mukayatsa kompyuta ya kuntchito kwanu pa Boma paja, fayilo iliyonse imakhala ndi kachithunzi kake: kena kakuti iyi ndi kalata, kena nyimbo, kena kanema. Timeneto sitimera tokha ayi, pali anthu otijambula, ndipo ine ndalowa gulu lina la otere. Timajambulira Linux, ija anaiyambitsa Linus Torvalds ku Finland mu 1991, imene aliyense amaloledwa kuitenga ulere, kuisuzumira m'kati ndi kuikonza mmene afunira. Malipiro palibe. Izi zokha amalume asazimve, angati mwana anakwera ndege kukagwira thangata. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno kulibe kapitawo, ukatopa umangozimitsa kompyuta n'kukagona.

Musaipeputse ntchitoyi poona kuchepa kwake. Kachithunzi kakang'ono kwambiri kamakhala ndi timadontho 16 m'litali, 16 m'lifupi, tonse pamodzi 256, ndipo m'menemo mukwane pepala, ngodya yake yopindika ija, ndi chizindikiro chonena za m'katimo. Ndimayamba ndi kakakulu mu pulogalamu ya Inkscape, kokongola koti n'kudzitama nako, koma ndikangokachepetsa kamasanduka phala. Ndiye umajambulanso ka 22, ka 32, ka 48, kalikonse pakokha, uku ukusuntha mzere kuti ugwere ndendende pa timadontho, chifukwa ukaphonya theka lokha umaoneka mbuu. Ndikafuna kudandaula ndimakumbukira mayi wina, Susan Kare, amene anajambula tizithunzi ta Macintosh ya 1984 ndi timadontho 32 kwa 32, takuda ndi toyera basi, atayamba watilemba papepala la timabokosi longa lija tinkalembapo masamu. Mitundu ya mafayilo nayo ilipo mazanamazana, palibe angaimalize. Mwayi wake a freedesktop.org anaika malamulo a maina, kotero kompyuta ikasowa kachithunzi ka MP3 imangotenga ka nyimbo wamba, osaima kudikira ine.

Kumayambiriro kwa mwezi uno kunali FOSDEM pa yunivesite ya ULB, msonkhano wa chaka ndi chaka wa anthu a mapulogalamu aulerewa, wolowa osalipira. Anthu masauzande, ambiri amuna andevu ovala zakuda, kuima pamzere mvula ili waa kuti akamve munthu akufotokoza za zilembo. Kumeneko ndinaphunzira za Haiku, ina yaulerenso koma si Linux. Eni ake ndi oumira pa malo zedi. Stephan Aßmus anawapangira njira yosungira kachithunzi m'mabayiti mazana ochepa chabe, moti chithunzi chimodzi chija cha ana munanditumizira pa WhatsApp chingameze tizithunzi tawo toposa 100. Inu olira bandulo tsiku ndi tsiku mukanagwirizana nawo.

Zakudya zapamsonkhanopo ndi tchipisi, chimene Abelijiyamu amachinyadira ngati anachilenga ndi iwo. Amachiika m'pepala lopinda ngati la mtedza, pamwamba n'kuthira mayonezi wambiri, popanda kabichi, popanda tsabola, ndipo sungaloze ndi chala kuti mundiwonjezere kamodzi ako monga pachiwaya pa Chitakale. Tiyi ndiye musanene: kathumba kamodzi m'madzi otentha, mayuro atatu. Ndimakayang'anitsitsa ndisanamwe, mwina masamba ake ndi a ku Lujeri kapena ku Lauderdale, tizindikirane. Chinanazi chilipo m'masitolo, koma chinathyoledwa chosapsa n'kuyenda panyanja, ndipo chikadali chokwiya.

Chimene chimandiseketsa, nthawi zina n'kundiganizitsa, n'chakuti tizithunzi tonseti tinachokera mu ofesi ya mzungu wakale. Kusunga ntchito amasonyeza ndi disiketi, chinthu chimene mwana wanu woyamba sanachionepo, ngakhalenso ana a kuno. Mafayilo opanikizidwa pamodzi ena amawajambula ndi zipi ya thalauza, ena katoni, a WinRAR mabuku omanga ndi lamba. Ine ndinati bwanji mtolo wa nkhuni, poti kwathu mwana aliyense amadziwa kuti mtolo umamasulidwa kaye usanagwiritse ntchito. Anzanga a m'gulu lija anaseka, kenaka wina anafunsa ndi nkhope yozama kuti nkhuni zingati zingakwane m'timadontho 16, ndipo tinakangana za zimenezo mpaka usiku. Azungu akakhuta mkangano wawo ndi wotere.

Koma za nyimbo sindinaseke. Amajambula kanoti kaja kamutu wakuda ndi mchira, akuti dziko lonse limakadziwa. Dziko liti? Kwaya yathu imaimba bwino kuposa zonse ndamva kuno, koma m'buku mwake muli d, r, m, f, s, mulibe timichira. Kanema amamusonyeza ndi lamba wa filimu wa timabowo m'mbali, chikhalirecho kwathu kanema anafika pa tepi, kenaka pa CD, lero ali m'foni. Si kuti ife zizindikiro sitizidziwa. Tsiku lovota anganga sawerenga maina, amayang'ana tambala, chimanga kapena manja ogwirana, ndipo sasokoneza. Ndinawauzanso anzangawa kuti a Baobab Health anayamba kuika makompyuta ongogusa ndi chala pa chipatala cha Kamuzu Central kumayambiriro a zaka za m'ma 2000, iPhone isanabadwe. Anatong'ola maso.

Tsono ndili ndi pempho. Ndakutumizirani pepala la tizithunzi khumi, tina tawo, tina tanga, ndipo sindikuuzani kuti tanga ndi titi. Kaonetseni anganga, kenaka anyamata oika nyimbo m'mafoni pa Chitakale, ndipo mukapita ku Limbuli tsiku la msika mukafunseko amayi ogulitsa. Musawathandize, mungolemba chimene aliyense wanena kuti akuona, ngakhale atati ndi buledi. Mundiuzenso mmene chimanga chilili ndi mvula ya chaka chino, komanso ngati mtsinje wa Ruo sunavute. Mukamva za munthu wobwera kuno mumupatsire tiyi wamasamba ndi kalongonda pang'ono. Kuphika kwake kwa tsiku lonse ndikaonana ndi bilu ya gasi ndekha.

Moni kwa onse kumudzi.

Ndine mng'ono wanu.