Makilomita 21 Okumbukira Mayi

M'chaka cha 2019, mayi wina wochokera ku Ntcheu, yemwe ankagwira ntchito yosamalira okalamba mumzinda wa Newcastle ku England, adaimbira foni mchimwene wake kumudzi. Adamuuza kuti walembetsa nawo mpikisano wothamanga wa Great North Run, womwe udayamba mu 1981 ndipo umachokera ku Newcastle kukathera m'mbali mwa nyanja ku South Shields. Mtunda wake ndi makilomita 21.

Poyamba mchimweneyo adakondwera, poganiza kuti pali mphoto. Mlongo wake adamulongosolera kuti iye sadzalandirapo kanthu. Wothamanga amalonjeza kuti adzamaliza mtundawo, ndipo anzake a kuntchito ndi a kutchalitchi amasonkha kangachepe komwe angathe. Ndalamazo zimapita ku bungwe lomwe wothamangayo wasankha. Iye adasankha la Cancer Research UK, lomwe limalipirira kafukufuku wa matenda a khansa.

"Achemwali, fodya wako ndi uyo ali pamphuno," adatero mchimweneyo. "Mukapereke ndalama kwa anthu olemera kale, kuno feteleza tikusowa? Kafukufukuyo adzawadzutsa amayi?"

Funsolo lidamulasa mumtima mayiyu chifukwa mudali choonadi. Mayi awo adamwalira mu 2009 ndi khansa ya khomo la chiberekero. Iwo adayamba kutaya magazi atasiya kale kusamba, koma adabisa kwa chaka chathunthu chifukwa cha manyazi. Pamene adaulula n'kuti ululu wa m'chiuno utafika posawagonetsa tulo. Mchimweneyo ndiye adawakweza pa njinga, atayala chitenje pakaliyala, ulendo wa kuchipatala cha boma. Madokotala adati matenda afalikira, chotsala n'kuchepetsa ululu basi. Mwana wawo wamkazi adali kutali, akusambitsa ndi kudyetsa makolo a eni ake, ndipo adafika kumudzi maliro ataikidwa kale.

"Achimwene, mtunda umenewu mukuudziwa," adayankha mayiyu patapita kanthawi. "Kuchokera kwathu kukafika kuchipatala kuja n'chimodzimodzi. Inu mudaupalasa. Ine sindidauyende."

Kukonzekera kudamutengera miyezi inayi. Adali ndi zaka zoposa 40, ndipo chichokereni kusukulu adali asanathamangepo. Sabata zoyamba ankathamanga mphindi imodzi n'kuyenda ziwiri, akaweruka ntchito ya usiku. Kenaka adayamba kuwonjezera mtunda pang'onopang'ono Loweruka lililonse. Mawondo adatupa, chikhadabo cha chala chachikulu chidada n'kuthothoka. Komabe chomwe chinkamusautsa kwambiri lidali funso la mchimwene wake lija, lomwe adali asanaliyankhe mokwanira.

Yankho adalipeza powerenga mbiri ya matenda omwe adatenga mayi ake. Kwa zaka zambiri madokotala sankadziwa chomwe chimayambitsa khansa ya khomo la chiberekero. Mu 1983 ndi 1984, katswiri wa ku Germany, Harald zur Hausen, pamodzi ndi anzake adapeza mitundu iwiri ya kachilombo ka HPV m'zotupa za amayi odwala khansayi. Mitundu iwiriyi, ya nambala 16 ndi 18, ndiyo imayambitsa khansa imeneyi mwa amayi pafupifupi 7 mwa amayi 10 alionse odwala. Kachilomboka kamafala pogonana, ndipo kamatha zaka khumi kapena kuposerapo kasanasanduke khansa. Akatswiri ena adapitiriza ntchitoyo mpaka katemera woyamba adavomerezedwa mu 2006. Dziko la Malawi, lomwe lili m'gulu la maiko omwe khansayi imapha amayi ambiri, lidayamba kupereka katemerayu kwa atsikana a zaka 9 m'dziko lonse mu Januwale 2019. Kuchokera pamene kachilombo kadadziwika kufikira pamene katemera adafika m'sukulu za ku Ntcheu padadutsa zaka 36.

Mayiyu adaimbanso foni. Adafunsa mchimwene wake ngati adakumanapo ndi anthu omwe adapanga mbewu ya chimanga cha makono yomwe amabzala. Iye adati ayi. Mlongoyo adamukumbutsa kuti mbewu zina zotere zidachokera kumalo a kafukufuku wa zaulimi ku Chitedze, komwe akatswiri adakhala zaka akuziyesa, ndipo omwe adalipirira ntchitoyo sadadyeko nsima ya m'nkhokwe yake. Mchimweneyo adaseka, nati mlongo wake waphunzira kulankhula ngati mlangizi. Koma sadavomereze.

Tsiku la mpikisano lidafika mu Sepitembala. Anthu zikwizikwi adadzaza msewu, ambiri atalemba kumsana kwa malaya awo maina a abale omwe adawataya. Iye adangolemba mawu amodzi akuti "Amayi". Adawoloka mlatho wa Tyne Bridge miyendo ikadali yopepuka. Atadutsa makilomita 15 mphamvu zidamuthera, ndipo adayamba kuyenda. Apo m'pamene adalingalira za njinga ija, za zitunda za kwawo, ndi za munthu wopalasa atanyamula mayi wake wobuula kumbuyo, popanda womuombera m'manja kapena womupatsa madzi m'njira. Kwa zaka khumi adakhala akudzimvera yekha chisoni kuti sadaliko. Tsiku limenelo adayamba kumvera chisoni amene adaliko.

Brigid Kosgei wa ku Kenya adamaliza mtundawo m'ola limodzi ndi mphindi zosakwana zisanu. Mayiyu adatenga pafupifupi maola atatu. Ndalama zomwe anzake adasonkha zidangopitirira pang'ono mapaundi 500, zochepa kwambiri poyerekeza ndi zomwe kafukufuku amafuna. Madzulo ake adaimba foni kumudzi, ndipo asanatchule za mpikisano adati, "Achimwene, zikomo chifukwa cha ulendo uja. Sindidakuthokozenipo."

Patapita miyezi ingapo, azaumoyo adafika pasukulu ya m'mudzimo kudzapereka katemera wa HPV. Mphekesera zidali ponseponse zoti katemerayu amatseka mimba za atsikana, zomwe si zoona, ndipo makolo ena adatsekereza ana awo kunyumba. Mchimwene uja adaperekeza yekha mwana wake wamkazi wa zaka 9. Mu 2021, kafukufuku wolipiriridwa ndi Cancer Research UK adaonetsa kuti ku England khansayi idatsika ndi 87 peresenti pakati pa amayi a msinkhu womwe udapatsidwa katemera ali ndi zaka 12 kapena 13. Mlongoyo adamuuza nkhaniyi pafoni.

Katemera amateteza amene kachilombo sikanawalowe. Kwa amayi akuluakulu chofunika n'kukayezetsa khomo la chiberekero asanamve kupweteka kulikonse. Namwino amapaka viniga pakhomopo, ndipo malo omwe ayamba kusintha amaoneka oyera. Akapezeka msanga chotere amatha kuchizidwa tsiku lomwelo.

Pa za feteleza mchimweneyo sadasinthe maganizo, ndipo nkhaniyo ankaibwereza nyengo ya dzinja ikayandikira. Koma atamaliza kukolola m'chaka cha 2022, adapopa matayala a njinga, nayala chitenje pakaliyala, n'kukweza mkazi wake yemwe sankadwala chilichonse. Adapalasa mtunda womwe uja kukamuyezetsa, ndipo adabwerera kunyumba dzuwa lisanalowe.