Maina Okuluwika a M'kompyuta

Ku Mayani, m'boma la Dedza, dzina siliperekedwa mwachisawawa. Mwana akatchedwa Mavuto kapena Chisoni, ngakhale mlendo amazindikira nyengo imene anabadwira. Mtsikana wina woleredwa m'mwambo umenewu anapita ku Lilongwe kukaphunzira za kompyuta, ndipo kumeneko anakumana ndi maina a mtundu wina.

Makina amene ankaphunzirirapo ankayendera Linux, yomwe inatengera malamulo ake ku Unix, imene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie anayamba kukonza ku Bell Labs, ku America, mu 1969. Pofuna kuti makina amumvere, munthu amalemba lamulo. Mtsikanayo anadalira Chingerezi chake cha kusekondale, koma sichinamufikitse patali. Ataona mawu akuti cat anaganiza za mphaka, chonsecho lamuloli limalumikiza mafayilo ndi kuonetsa zolembedwamo. Nanga awk? Limeneli ndi zilembo zoyamba za maina a anthu atatu, Aho, Weinberger ndi Kernighan, amene analikonza mu 1977.

Kufupika kwa mainawa kunali ndi chifukwa. Masiku amenewo ankalembera pa makina a Teletype, olimba mabatani, otulutsa zilembo 10 zokha pa sekondi, kotero chilembo chilichonse chinali thukuta. Makinawo anatha kalekale, koma maina anakakamira.

Limene linamuseketsa ndi biff, lamulo lodziwitsa munthu kuti kalata yafika. Akuti linatengedwa ku dzina la galu wa pa yunivesite ya ku Berkeley amene ankauwa wonyamula makalata. Apa mtsikanayo anamva ngati wafika kwawo, kumene dzina la galu nthawi zina limakhala mwambi wolasa mnansi, womveka kwa okhawo odziwa chiyambi cha mkangano. Wobwera amangoitana nawo galuyo osadziwa chimene akunena.

Limene linamuliza ndi rm, zilembo ziwiri zosaopsa m'maso. Usiku wina, pofuna kusamutsa fayilo ya ntchito ya mayeso imene anaivutikira milungu itatu, analemba rm m'malo mwa mv. Makina sanafunse, sanachenjeze. Anangoti zii, monga amachitira zinthu zikayenda bwino. Ntchito yonse inafafanizika. Tsono fizi yake inachokera ku nyemba zimene amayi ake anagulitsa pamsika wa Mayani, ndipo ndalama yobwerezera maphunzirowo kunalibe.

M'mawa mwake anayambiranso, kope laling'ono lili pambali, m'mene ankalembamo lamulo lililonse ndi tanthauzo lake m'Chichewa. Pafupi ndi rm analembapo liwu limodzi lokha: moto.